Molasesi ndi Ndiwo, Mapesi ndiye Nsima: Phunziro la Kadyetsedwe ka Ng'ombe m'Chilimwe

Bismillahir Rahmanir Rahim.



Chaka chilichonse mwera ukangoleka, dzuwa la Seputembala n'kuyamba kuswa mtengo, timaona zomwezomwezo m'makola mwathu. Ng'ombe imene mu Meyi inali yosalala, linunda lili njo, pofika Okutobala timaiwerenga nthiti tili chapatali. Zapangolo zimene zimatuta usipa kuchokera kudoko kupita kumsewu zimayamba kugona panjira. Yoyamwitsa mkaka umauma, thole n'kumangolira. Ndiye mvula ikagwa, nthawi imene tikufuna ng'ombe zamphamvu zokoka pulawo ndi kututa manyowa, m'pamene zafookeratu. Nthawi yomweyonso nyanja imakhala yotseka kwa makoka ena, ndalama pakhomo zavuta, ndipo ambirife timagulitsa ng'ombe yowonda pamtengo wolira nawo.

Ziweto ndi amaana imene Allah (Subhaanahu wa Ta'ala) waika m'manja mwathu. Ng'ombe singadzitsegulire khola kukasaka chakudya, imadikira ife. Paja Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) anatichenjeza ndi nkhani ya mayi amene analangidwa chifukwa chotsekera mphaka osamupatsa chakudya. Nanga kuli bwanji ng'ombe imene imatilimira ndi kumwetsa ana athu mkaka?

M'phunziro lino tikambirana za molasesi. Mfundo yake ndi imodzi, tiigwire kuyambira pano: molasesi ndi ndiwo, si nsima. Ntchito yake ndi kuthandiza ng'ombe kudya ndi kugaya mapesi ouma. Amene alibe mapesi, molasesi sangamupulumutse, ndipo amene amapereka mopanda muyezo akhoza kudwalitsa ng'ombe yake ndi ndalama zake zomwe.

Molasesi n'chiyani?

Kufakitale ya shuga amafinya nzimbe, madzi ake n'kuwawiritsa mpaka akhathamire ndipo timibulu ta shuga tiumbike. Kenako makina ozungulira mwaliwiro amalekanitsa shugayo. Chotsalira ndi phala lakuda, lonanda, lonunkhira ngati shuga wopserera. Ameneyo ndiye molasesi. Pa tani imodzi ya nzimbe pamatuluka molasesi wokwana makilogalamu 30 mpaka 45.

Pafupifupi theka la kulemera kwake ndi shuga amene makina analephera kuchotsa, ndipo pafupifupi kotala ndi madzi. Alinso ndi mchere wina wofunika m'thupi monga potaziyamu, kashiamu, ayironi ndi salufa. Koma ali ndi mipata iwiri ikuluikulu. Zomanga thupi zilimo zochepa kwambiri, magawo 3 mpaka 5 pa 100 aliwonse basi, ndipo fosifolasi, mchere wolimbitsa mafupa ndi kuthandiza kubereka, ndi wochepanso. Ndi wolemera kuposa madzi: lita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 1.4. Nambala imeneyi tiikumbukire, tiifuna poyeza ndi pogula.

Ife a kunyanja sitili kutali ndi kumene amachokera. Ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota kuli fakitale ya Illovo, ku Salima kuli Salima Sugar Company, ndipo kumwera kuli fakitale ya ku Nchalo m'boma la Chikwawa. Koma molasesi wambiri wa m'dziko muno amapita kopanga ethanol wosakaniza ndi petulo, ku Ethco ku Dwangwa konko imene inayamba mu 1982, ndi ku PressCane ku Chikwawa. N'chifukwa chake wotsalira alimi sapezeka nthawi zonse, ndipo tikampeza tisamumwaze.

Kodi ndi halaal?

Funso ili timalimva kawirikawiri tikatuluka mumzikiti: "Zinthu zimenezi si zija amatchezera kachasu?" Zoonadi ena amatero. Koma anthu amafululanso mowa ndi chimanga, mawere ndi shuga wa m'sitolo, ndipo sitinasiye nsima kapena tiyi. Molasesi payekha saledzeretsa, ndi madzi a nzimbe owiritsidwa. Kumugula, kumusunga ndi kudyetsa ziweto palibe choletsa.

Pofunika kusamala ndi pawiri. Poyamba, molasesi wosungunula ndi madzi akakhala tsiku limodzi kapena awiri m'kutentha kwathu kuno amayamba kuchita thovu ndi kusasa, njira yake ya mowa. Choncho tisungunule wa tsiku lomwelo basi. Kachiwiri, ngati gulu lathu lagula mgolo, tisagulitseko kwa munthu amene tikudziwa kuti akukatchezera kachasu, chifukwa kuthandizira pa zoletsedwa n'koletsedwanso. Amene mtima wake ukukayikabe akhale pansi ndi Shehe wa pamzikiti wake.

Zimene zimachitika m'mimba mwa ng'ombe

Aliyense amene anasendapo ng'ombe pa Eid anaona kuti chifu chake chili ndi zigawo zinayi: chachikulu chonga thaulo, china chonga zisa za njuchi, china cha masamba ambiri, ndi chomaliza chosalala. Chachikulucho chimalowa ndowa ziwiri kapena zitatu, ndipo mkati mwake mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tosawerengeka. Si ta matenda ayi. Ndi antchito amene Allah anawaika mmenemo kuti aziphwanya udzu umene ife anthu sitingaugaye. Surat An-Nahl imatiitana kulingalira za mkaka woyera wotuluka m'mimba mwa ziweto, ndipo mbali ina ya chodabwitsacho ndi tizilombo timeneti. Kunena zoona, tikamadyetsa ng'ombe timayamba tadyetsa tizilomboti, tokhato n'kudyetsa ng'ombe.

Kuti tigwire ntchito, timafuna zopatsa mphamvu ndi zomanga thupi. Msipu wa m'dzinja uli ndi zonse ziwiri. Koma udzu wouma wa mu Okutobala, mapesi a chimanga ndi mapesi a mpunga zimakhala ndi zomanga thupi magawo 3 mpaka 5 pa 100, pamene tizilomboti timafuna osachepera 7. Zikatere timafooka, mapesi amakhalitsa m'chifu osagayika, ng'ombe imamva kukhuta n'kusiya kudya. Ndicho chifukwa chake timaona ng'ombe ya mimba yaikulu koma nthiti zili pamtunda. Yakhuta, koma ikufa ndi njala.

Molasesi amathandiza m'njira zitatu. Kukoma ndi fungo lake zimachititsa ng'ombe kudya mapesi amene ikanangowanunkhiza n'kuwaponda. Shuga wake amapatsa tizilombo tija mphamvu yamsanga. Ndipo kumata kwake kumagwira madeya, mchere ndi zina zaufa kuti zisauluke ndi mphepo kapena kutsalira pansi pa chodyera.

Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Shuga akachuluka m'chifu, asidi amakwera, tizilombo togaya udzu timachepa, ndipo ng'ombe imayamba kudya mapesi ochepa kusiyana ndi kale. Potaziyamu wambiri uja amaitsegula m'mimba. Ku Cuba, dziko la nzimbe kumene ankanenepetsa ng'ombe ndi molasesi wochuluka ndi udzu wochepa, anaona ng'ombe zina zikudzandira ngati zaledzera, kuchita khungu, zina mpaka kufa. Mankhwala ake anali kubwezera udzu. Nsima isasowe.

Nsima yake ikonzedwe pokolola

Ntchito ya molasesi imayambira mu Meyi ndi Juni, osati mu Okutobala. Ambirife tikakolola timasiya mapesi m'munda, ng'ombe za mudzi wonse n'kupondaponda milungu iwiri, otsala n'kupsa ndi moto wa osaka mbewa. Kumadimba a mpunga nako timaona utsi wa mapesi ukukwera. Chimene chikupsacho ndi chakudya cha Okutobala. Nkhani ya Mneneri Yusuf (Alaihis Salaam) tonse timaidziwa: zosungidwa m'zaka za zokolola zambiri ndi zimene zinapulumutsa anthu m'zaka za chilala.

Ng'ombe yathu yamakolo yolemera makilogalamu 250 imadya chakudya chouma chokwana pafupifupi makilogalamu 6 patsiku. Ngati theka ikulipeza kubusa, tiisungire makilogalamu 3 patsiku. Pa masiku 100 ndiye makilogalamu 300 pa ng'ombe imodzi. Timange thandala lokwera ngati lija timayanikapo usipa, tifolere pamwamba, tiunjikepo mapesi a chimanga, a mpunga ndi a mapira kuti chiswe ndi mbuzi zisafike. Masangwi a mtedza, masamba a nandolo, a khobwe ndi a nyemba tiwaumitse pamthunzi ndi kuwasunga paokha, chifukwa amenewo ndi amtengo wapatali. Amene ali pafupi ndi minda ya nzimbe akhoza kutolanso nsonga za nzimbe zotsala podula.

Podyetsa, mapesi tiwadule ndi chikwanje utali wa chala. Odula amanyowa bwino ndi molasesi ndipo ng'ombe siisankha masamba okha n'kusiya mitengo yake. Oola kapena a nkhungu titaye. Molasesi amabisa fungo la zoola, ng'ombe n'kudya zimene ikanakana, choncho kusankha kuli kwa ife.

Muyezo ndi kapatsidwe

Tizilombo ta m'chifu timafuna nthawi kuti tizolowere chakudya chatsopano, ndiye tiyambe pang'onopang'ono. Pa ng'ombe yaikulu imodzi patsiku:

Mlungu woyamba: kotala la lita, pafupifupi magalamu 350.

Mlungu wachiwiri kupita m'tsogolo: theka la lita, pafupifupi magalamu 700. Kwa ng'ombe zambiri zamakolo apa m'pokwanira.

Zapangolo zazikulu zimene zikugwira ntchito ndi zamkaka zazikulu: tikhoza kukweza mpaka lita imodzi, kuigawa kawiri, m'mawa ndi madzulo. Tisapyole pamenepo.

Mbuzi kapena nkhosa yaikulu: masupuni akuluakulu atatu kapena anayi.

Kakonzedwe kake n'kosavuta. Gawo limodzi la molasesi tisungunule m'magawo awiri kapena atatu a madzi oyera, tithiremo kadzanja kamchere, magalamu 30 mpaka 50 pa ng'ombe imodzi. Tiwaze ndi kheni pa mapesi odula aja uku tikutembenuza, mpaka onse anyowe koma osachucha. Chodyera chikhoza kukhala mgolo wodula pakati kapena bwato lakale limene lasiya kuyenda panyanja. Tisaike molasesi yekha m'beseni kuti ng'ombe izimwa, chifukwa yamphamvu imamwa gawo la zinzake n'kudwala, yofooka imene timafuna kuithandiza n'kutsala opanda kanthu. Ngati n'kotheka, iliyonse imangidwe pamalo pake.

Nthawi yabwino ndi zikabwera kubusa, pakati pa Asr ndi Maghrib, kuti zikhale ndi chobzikula usiku wonse. Zapangolo zilandire gawo lina tikangoswali Fajr zisanamangidwe goli. Zotsala tichotse m'mawa ndi kutsuka chodyera, apo ayi tiitana ntchentche, njuchi ndi nyerere. Madzi akumwa asasowe: m'kutentha kwa Okutobala ng'ombe imodzi imamwa malita 30 mpaka 40, ndipo ya molasesi ndi mchere imamva ludzu kwambiri.

Ndowe ndiye mphunzitsi wathu. Zikakhala zouma zolimba ngati za m'chilimwe, chakudya sichikugayika bwino. Zikafewa n'kumaunjikana bwino, tili panjira. Zikakhala zamadzi, zakuda, zonunkha, tachulutsa: tichepetse ndi theka, tionjezere mapesi.

Ngati molasesi ndi wochepa, tisagawire khola lonse. Ziyambe zoyamwitsa, za bere lalikulu ndi zapangolo. Ndipo tiyambe mu Ogasiti nthiti zisanaoneke, chifukwa kusunga mnofu n'kotchipa kusiyana ndi kuubwezera.

Zomanga thupi zisaiwalike

Tanena kuti tizilombo timafuna zinthu ziwiri, ndipo molasesi amapereka chimodzi. Mapesi ndi molasesi zokha zimachedwetsa kuwonda, koma sizibweretsa mkaka kapena mnofu. Chachiwiricho, Alhamdulillah, chambiri chili pakhomo pathu pomwe.

Masangwi a mtedza ndi masamba a nandolo aja, kilogalamu imodzi patsiku yosakaniza ndi mapesi imasintha zinthu. Mitengo ya msangu imene yadzaza m'minda ya kunyanja kuno imagwetsa makoko ake m'chilimwe momwemo, ndipo ana akhoza kutola ndi kusunga m'matumba. Masamba a chammwamba, gliricidia ndi lukina ndi abwino, koma lukina asapyole gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amathothola ubweya ndi kufooketsa chiweto. Keke wa thonje kapena wa mpendadzuwa, theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi, ndi wabwino kwa zoyamwitsa. Madeya a chimanga kapena gaga wosalala wa mpunga, kilogalamu imodzi patsiku, amathandiza kutseka mpata wa fosifolasi uja. Mankhusu okhakhala a mpunga tisawawerengere ngati chakudya.

Ife asodzi tili ndi mwayi wina. Zinyenyeswa za usipa wouma zotsalira pathandala ndi m'matumba zili ndi zomanga thupi ndi fosifolasi wambiri. Dzanja limodzi kapena awiri, zosinja ndi kusakaniza mu madeya a molasesi, zimathandiza ng'ombe yoyamwitsa kapena thole losiya kuyamwa. Koma zikhale zouma, zoyera, zopanda mchenga, zosaola ndi zosathiridwa mankhwala ophera tizilombo. Nsomba zoola zimapha ng'ombe, ndipo zikachuluka mkaka umamveka fungo.

Njerwa yonyambita ya molasesi ndi Urea

Pali njira ina imene imadabwitsa ambiri. Tizilombo ta m'chifu timatha kutenga nayitirojeni wa mu feteleza wa Urea n'kupangira zomanga thupi, bola pakhale shuga wotipatsa mphamvu. Apa m'pamene molasesi amaonetsa ntchito yake yeniyeni. Koma Urea ndi mpeni wakuthwa konsekonse: pang'ono amathandiza, wambiri nthawi imodzi amapha ng'ombe ola lisanathe. N'chifukwa chake sitimuwaza pa chakudya kapena kumuthira m'madzi akumwa. Timamumangira mu njerwa yolimba kuti ng'ombe izingonyambita.

Njerwa za makilogalamu 10 zimafuna izi: molasesi makilogalamu 4, amene ndi malita pafupifupi 3, madeya makilogalamu 3.5, Urea kilogalamu 1, simenti kilogalamu 1, mchere theka la kilogalamu. Oyamba kumene aike Urea theka la kilogalamu ndi madeya makilogalamu 4. Zonse ziyezedwe pasikelo, osati ndi maso. Feteleza akhale Urea weniweni wolembedwa 46% N pathumba. CAN ndi NPK ayi, amenewo ndi poizoni kwa ziweto.

Tiyambe taphwanya Urea ndi kumusungunula m'madzi ofunda pang'ono, tithire mu molasesi ndi kutakasa mpaka pasapezeke kambulu ngakhale kamodzi. Osawiritsa pamoto. Pambali tikande simenti ndi mchere m'madzi osakwana theka la lita, tithire mu molasesi muja. Pomaliza madeya, pang'onopang'ono, mpaka zifanane ndi dothi loumbira njerwa. Titsendere mwamphamvu mu chikombole kapena m'kandowa, tichotse, tiumitse pamthunzi podutsa mphepo mlungu umodzi kapena iwiri. Njerwa yapsa ngati chala chachikulu sichikulowa tikadina. Yofewa isaperekedwe, chifukwa ng'ombe idzailuma m'malo monyambita. Tsiku loyamba kuumba tiitane mlangizi wa ziweto wa m'dera lathu akhale nafe.

Malamulo a njerwa ndi awa, ndipo sasweka. Ng'ombe iyambe yadya mapesi, isanyambite ndi njala. Masiku anayi oyamba inyambite ola limodzi patsiku, kenako maola awiri, mpaka patatha milungu iwiri. Yaikulu isapyole theka la kilogalamu patsiku, mbuzi yaikulu magalamu 100. Matole osakwana miyezi 6 asapatsidwe, chifukwa chifu chawo chachikulu sichinakhwime. Abulu, nkhuku, abakha ndi akalulu asayandikire, ndipo ana athu adziwe kuti imeneyi si switi. Ng'ombe ya panjerwa isadye soya wosakazinga, chifukwa amafulumizitsa ululu wa Urea. Ndipo njerwa isanyowe.

Lamulo lomalizali tinaliphunzira ndi misozi. Mmodzi wa ife anasiya njerwa m'bwato lodyera panja pa khola. Usiku kunagwa chizimalupsa, madzi anadikha m'bwatomo, njerwa n'kusungunuka. M'mawa ng'ombe yapangolo inamwa madzi otsekemerawo, ndipo pamene mwini wake amabwera kuchokera kudoko anaipeza itauma kale. Sanapeze ngakhale mpata woizinga, ndiye nyama yonse inali yofa yokha, haraam, yongokwirira. Ngolo inaima nyengo yonse chifukwa ng'ombe imodzi siikoka goli. Chodyera cha njerwa chikhale pansi pa denga, chobooka pansi.

Zizindikiro za ululu wa Urea zimaoneka msanga, nthawi zambiri pasanathe ola: dovu lambiri, kunjenjemera, kupuma mwabefu, kufufuma mimba, kudzandira ndi kugwa. Tikaona izi tichotse njerwa, tiimbire dokotala wa ziweto pompo, ndipo podikira tiimwetse viniga malita 2 mpaka 4 ndi madzi ozizira ambiri, pang'onopang'ono ndi botolo cha m'mbali mwa kamwa kuti zisalowe m'mapapo. Amene waumba njerwa asunge viniga pakhomo. Amene akuona kuti malamulowa sangawakwanitse, kapena ziweto amasiyira ana aang'ono, aisiye njerwayi. Mapesi, molasesi ndi masangwi zimukwanira.

Zimene molasesi sangachite

Si kuwonda konse kumene kuli kwa njala. Ng'ombe zathu zimadya m'madambo ndi m'mphepete mwa nyanja, mmene muli nkhono zofalitsa mphutsi za m'chiwindi. Tikazinga ng'ombe n'kupeza chiwindi cholimba cha mitsempha yoyera, ndi zimenezo. Palinso njoka za m'mimba, matenda a nkhupakupa, ndipo kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota kuli kashembe. Ng'ombe yodwala ngakhale tiipatse mgolo wonse singanenepe, tingodyetsa mphutsi. Tisanayambe kudyetsa mu Ogasiti, alangizi aione, imwe mankhwala oyenera, ndipo dibi isadumphidwe. Yokalamba yotha mano nayonso molasesi sangaibwezere ubwana. Ndi bwino kuigulitsa kapena kuizinga ikadali ndi mnofu.

Tikumbukirenso kuti chiweto chowondetsetsa sichiloledwa pa Qurbani. Ng'ombe imene timaiyembekezera kuti anthu 7 adzagawane ikakwana zaka ziwiri, ngati chaka chilichonse imataya m'chilimwe zimene inapeza m'dzinja, imachedwa kukula ndipo mtengo wake umatsika.

Kugula ndi kusunga

Tiwerengere limodzi. Pa theka la lita patsiku, chigubu cha malita 20 chimadyetsa ng'ombe ziwiri masiku 20. Mgolo wa malita 200 umadyetsa ng'ombe zinayi masiku 100, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka msipu utamera. Tisanagule tifunse mtengo pamodzi ndi wa thiransipoti, tiyerekeze ndi mtengo wa madeya. Ngati molasesi wafika pakhomo ali wodula kwambiri kuposa madeya, tigule wochepa wongokometsera mapesi ndi kuumbira njerwa, mphamvu zina zichokere ku madeya. Akasoweratu tisataye mtima: mapesi odula owazidwa madzi amchere, pamodzi ndi madeya, masangwi ndi makoko a msangu, zimaolotsa ng'ombe chilimwe.

Mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi sangapite kufakitale ndi kachigubu, koma mabanja khumi a pamzikiti umodzi kapena a komiti ya padoko akhoza kusonkha, kufunsa kudzera kwa alangizi kapena kwa ogulitsa zakudya za ziweto, n'kugawana mgolo mwachilungamo. Mafakitale amagaya nzimbe m'miyezi yopanda mvula, kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Novembala, ndiye kufunsa kuyambike msanga.

Pogula kwa ogulitsa apanjira tiyese. Molasesi wabwino ndi wonanda, tikaviika kamtengo amatsika ngati ulusi wosaduka msanga, alibe thovu kapena fungo losasa. Chigubu cha malita 20 chilemere pafupifupi makilogalamu 28. Chikapepuka kwambiri, wathiridwa madzi ndipo sachedwa kuwonongeka. Madzi akuda otsalira popanga ethanol si molasesi, shuga wake anatha kale. Chotengera chisakhale choti munali petulo, dizilo, oyilo wa injini ya boti kapena mankhwala a thonje. Tisunge pamthunzi, chotseka bwino kuti madzi asalowe, koma tizimasula chitsekero nthawi ndi nthawi kuti mpweya utuluke. Wosathiridwa madzi amakhala miyezi yambiri. Ndipo poti ndi wa ziweto, wosungidwa m'migolo yosatsukidwira anthu, asalowe mu phala la ana.

Mafunso okambirana pagulu

1. Chaka chatha mapesi a m'munda mwathu anathera kuti? Tingasunge ngolo zingati chaka chino?

2. N'chifukwa chiyani ng'ombe imatha kukhala ndi mimba yaikulu koma ikuwonda?

3. M'khola mwathu ndi ziti zimene ziyenera kuyamba kulandira molasesi?

4. Ndi zomanga thupi ziti zimene zikupezeka m'mudzi mwathu popanda kugula?

5. Ndani pakhomo pathu amene adziwe malamulo a njerwa ya Urea ndi pamene pali viniga?

6. Ndi mabanja ati amene tingagwirizane nawo kugula mgolo umodzi, ndipo ndani akafunse mtengo Jumu'ah ikubwerayi isanafike?

Abale ndi alongo, riziki limachokera kwa Allah, koma thandala la mapesi timanga ndife. Tiyeni tiyambe ndi zimene zili m'manja mwathu: tisatenthe mapesi, tisunge masangwi, timwetse mankhwala, kenako tifunefune molasesi ndi kumupereka ndi muyezo. In shaa Allah mvula ikadzagwa, ng'ombe zathu zidzadzuka zokha m'khola n'kulowa m'goli.

Allah adalitse ziweto zathu, minda yathu ndi makoka athu, ndipo atikhululukire pamene talephera kusamala zimene anatisungitsa. Ameen.